Tifunseni za Kuthambo: Nyenyezi Zofiira Zomwe Zimafufuma ndi Kuphwa

Mwezi uno makalata ambiri akhudza nyenyezi zofiira zikuluzikulu zimene kuwala kwake kumakwera ndi kutsika, komanso mmene akatswiri amazilondolera zaka zambirimbiri pogwiritsa ntchito maso ndi mafunde a wailesi. Tasankhapo angapo.

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Mwana wina wandifunsa ngati n'zoona kuti pali nyenyezi imene imaoneka miyezi ingapo, n'kusowa, n'kudzaonekanso. Kodi imathima n'kuyakanso? — Mphunzitsi, Dedza

Yankho: Aphunzitsi, mwanayo wamva zoona, koma nyenyeziyo sithima ayi. Dzina lake ndi Mira, ili m'gulu la nyenyezi lotchedwa Cetus, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 300. David Fabricius ndiye anayamba kuona kusintha kwake mu 1596, ndipo mu 1638 Johannes Holwarda anapeza kuti imabwereza pa miyezi pafupifupi 11. Lero timati masiku 332.

Kuwala kwa nyenyezi timakuyeza ndi magnitude, ndipo muyesowu umayenda chobwerera: nambala ikachepa ndiye kuti nyenyezi ndi yowala kwambiri. Kumudzi kopanda magetsi, diso limathera cha pa 6. Nyenyezi ziwiri zikasiyana ndi magnitude 5, imodzi imawala kuposa inzake maulendo 100. Mira ikafika pachimake imakhala pa 3 kapena 4, mwa apo ndi apo pa 2, koma ikatsika imafika pa 9 kapena 10. Kuchoka pa 3 kufika pa 9 ndiye kuti yazirala maulendo pafupifupi 250. Diso laitaya, koma ili pomwepo.

Mira ndi nyenyezi yokalamba. Hydrogen ndi helium za pakatikati pake zinatha, moto watsala m'mizere yozungulira phata la carbon ndi oxygen, ndipo thupi lake lafufuma kuposa Dzuwa maulendo 300 mpaka 400 m'mimba mwake. Itaikidwa pamalo a Dzuwa, ikhoza kumeza Dziko n'kufika cha kunjira ya Mars. Mpweya wa kunja kwake umatsekereza kutentha, n'kukankhidwira kunja. Ukatambasuka umazizira, kutentha kumapulumuka, mpweyawo n'kugweranso mkati. Ndiko kufufuma ndi kuphwako.

Koma pali mfundo ina imene mabuku a sukulu amailumpha. Mphamvu yonse imene Mira imatulutsa imangosintha kawiri kapena katatu, osati maulendo 250. Pamwamba pake m'pozizira, madigiri 3,000 kapena kucheperapo, pamene Dzuwa lili pa 5,500, choncho mphamvu yake yambiri imatuluka ngati infrared imene diso siliona. Ikafufuma n'kuzizira pang'ono, mumpweya wake mumapangika titanium oxide, yomwe imameza kuwala kooneka ndi maso. Zili ngati mbaula yokutidwa ndi phulusa: makala saoneka kufiira, koma mukayandikitsa dzanja kutentha kulipo. N'chifukwa chake imawala kwambiri cha pa nthawi imene yaphwa n'kutentha, osati itafufuma.

Nyenyezi iliyonse yofiira imene imabwereza pa masiku apakati pa 80 ndi 1,000, n'kumasintha ndi magnitude yoposa 2.5, timaiika m'gulu la Mira. Ana akatchula Betelgeuse, ija inazirala kumapeto kwa 2019 mpaka February 2020, muwauze kuti imeneyo ndi ya mtundu wina, yolemera kwambiri.

Funso: Ndili ndi mabayinokyula a 10x50 basi. Kodi ndingathe kuyeza nyenyezi zimenezi moti akatswiri n'kugwiritsa ntchito zimene ndapeza? Ndiyambe bwanji? — Wowerenga, Kasungu

Yankho: Mungathe ndithu. Mbiri yaitali ya nyenyezi zimenezi inalembedwa ndi anthu a zida ngati zanuzo. Mabayinokyula a 10x50 amafika cha pa magnitude 9 usiku wamdima, ndipo zimenezi n'zokwanira mbali yaikulu ya ulendo wa nyenyezi zowala za m'gululi, kutanthauza kuchoka pachimake cha kuwala kufika pa chimake chotsatira.

Choyamba pezani tchati. Bungwe la AAVSO, la oyeza nyenyezi zosintha kuwala, lomwe linayamba mu 1911 ku America, lili ndi malo pa intaneti otchedwa Variable Star Plotter opangira matchati ulere. Lembani dzina lachidule, monga omi Cet ya Mira kapena R Hya ya R Hydrae, ndipo musankhe tchati chotambalala madigiri 7 kapena kuposerapo, chifukwa mabayinokyula anu amaona dera la madigiri pafupifupi 6. Patchatipo mupeza nyenyezi zoyerekezera, zosasintha kuwala, zolembedwa manambala. Manambalawo alibe kadontho, kuopa kuti kangaoneke ngati nyenyezi: 62 ndi 6.2, ndipo 104 ndi 10.4. Nambala ya tchati ili pakona, ilembeni, idzafunika.

Mukatuluka panja, khalani mumdima mphindi 15 kapena 20 maso azolowere. Foni ikhale m'thumba. Powerenga tchati gwiritsani ntchito tochi yokutidwa ndi pepala lofiira. Tsamirani zigongono pa mpando kapena pa khoma, popeza manja onjenjemera amakubera theka la magnitude. Yambani pa nyenyezi yowala imene mukuidziwa, n'kumatsata kaimidwe ka nyenyezi mpaka mutafika. Cholakwika chachikulu cha oyamba si kuyeza molakwa, koma kuyeza nyenyezi ina. Tsimikizani malowo ndi tinyenyezi titatu kapena tinayi ta pambali musanalembe kanthu.

Tsopano sankhani zoyerekezera ziwiri, ina yowala pang'ono kuposa yanu, ina yozirala pang'ono, ndipo zisatalikirane kupitirira magnitude imodzi. Tinene kuti mwatenga 62 ndi 68. Pakati pake pali masitepe 6. Ngati nyenyezi yanu ili pakatikati, lembani 6.5. Ngati yayandikira ya 62, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a mpatawo, lembani 6.4. Poyerekeza, muzibweretsa nyenyezi iliyonse pakati pa galasi, chifukwa m'mphepete kuwala kumachepa.

M'kope lembani dzina la nyenyezi, tsiku, nthawi, magnitude, zoyerekezera ziwirizo, nambala ya tchati ndi mmene kumwamba kunalili: mwezi, utsi kapena mitambo. Nthawi ilembedwe ya UT, nthawi ya dziko lonse, imene ili m'mbuyo ndi maola 2 poyerekeza ndi ya kuno. 21:00 ya kwathu ndi 19:00 UT. Chenjerani pakati pa usiku: 01:00 m'bandakucha wa pa 10 ndi 23:00 UT ya pa 9. Nyenyezi ikakhala kuti sikuoneka, musatseke kope. Lembani nambala ya nyenyezi yozirala kwambiri imene mukuiona, ndi chizindikiro cha "kuchepera", monga <9.0. Imeneyonso ndi nkhani yofunika. Kenako lembetsani ku AAVSO, akupatsani zilembo zanu, muzitumiza kudzera pa tsamba lawo la WebObs.

Kamodzi pa mlungu n'kokwanira. Mukamayeza usiku uliwonse, mutu umakumbukira nambala ya dzulo n'kuuza diso zoti lione.

Za zoyambira: R Hydrae, kummwera kwa nyenyezi yowala ya Spica, imaoneka bwino madzulo kuyambira April mpaka July, nthawi imene mvula yatha, ndipo imadutsa pafupi ndi pamwamba pa mutu. R Carinae ya masiku 309 ili kummwera, ndipo anthu a ku Ulaya saiona n'komwe. Chi Cygni ya masiku 408 imaoneka kumpoto madzulo a August mpaka October. Imeneyi imatsika kufika pa 14, ndiye mudzaitaya miyezi yambiri. Mu September ndi October utsi wa moto wa m'tchire umaphimba m'munsi mwa thambo, choncho yezani nyenyezi ikakwera madigiri oposa 30.

Funso: Ine ndi mnzanga tinayeza R Hydrae usiku umodzi. Ine ndinapeza 6.1, iye 6.7. Walakwa ndani? — Wophunzira, Zomba

Yankho: Mwina palibe. Pa nyenyezi zofiira, kusiyana kwa theka la magnitude pakati pa anthu awiri si kwachilendo, popeza maso a anthu samva kufiira mofanana. Komabe pali misampha itatu yoti nonse muipewe. Mukayang'anitsitsa nyenyezi yofiira, imanka iwalirawalira m'diso, pamene yoyera sisintha. Choncho iponyereni diso mwachidule, sekondi imodzi kapena masekondi awiri, n'kuchoka. Mwezi ukawala kapena kukakhala utsi, yofiira imaoneka yowala kuposa mmene ilili. Ndipo pa nyenyezi ziwiri zofanana, ya m'munsi imakonda kuoneka yowala. Pendeketsani mutu kuti ziwirizo zikhale mzere wopingasa, wolingana ndi maso anu.

Kufiira kukakusokonezani, potozani mabayinokyula kuti nyenyezi zonse zikhale timadontho tosaoneka bwino mpaka mtundu utazimirira, kenako yerekezani. Koma musasinthe nambala yanu kuti ifanane ndi ya mnzanu, kapena ndi zimene ena aika pa intaneti. Munthu amene nthawi zonse amapeza 0.3 kuposa anzake savuta, akatswiri amadziwa kuchotsera. Wovuta ndi amene lero ali kuno, mawa uko.

Funso: Bwanji osangojambula ndi foni? — Wowerenga, Mzuzu

Yankho: Foni imakonza chithunzi payokha, imawalitsa zina n'kufufuta zina, ndiye nambala zake sizidalirika. Kamera ya DSLR, ija yosintha magalasi, imatha, koma mujambule mu RAW (chithunzi chosakonzedwa ndi kamera), pa choimikira, galasi mutalisokoneza pang'ono kuti kuwala kwa nyenyezi kumwazikire pa mapikiselo angapo. Gwiritsani ntchito mbali yobiriwira ya chithunzi, ndipo potumiza muilembe kuti TG. Vuto lofala n'lakuti nyenyezi ikafika pachimake imadzazitsa mapikiselo, ndipo odzaza sawerenganso. Nthawi yotsegula kamera imene inali bwino pa magnitude 8 imaononga muyeso pa 4.

Funso: Ndamva kuti nyenyezi zomwezi amazilondolanso ndi matelesikopu a wailesi. Amamvako chiyani? Nanga zikugwirizana bwanji ndi zoyeza ndi maso? — Katswiri wa zamagetsi, Blantyre

Yankho: Bambo, chimene amagwira si nkhope ya nyenyeziyo, yomwe ndi yofooka pa wailesi, koma mpweya umene ikutaya. Kufufuma kulikonse kumaponyera mpweya m'mwamba, kumeneko umazizira, fumbi n'kupangika, kuwala kwa nyenyezi n'kulikankha, ndipo fumbilo limakoka mpweya pa liwiro la makilomita 5 mpaka 20 pa sekondi. Mira imataya zolemera ngati Dziko lathu pa zaka pafupifupi 10 zilizonse. Mumphepo imeneyi muli timitambo timene timakulitsa mafunde a wailesi pa frequency imodzi yokha, mofanana ndi mmene laser imachitira ndi kuwala. Timeneti ndi ma maser.

Amakhala m'mizere itatu. Pafupi kwambiri, pa mtunda wa kawiri mpaka kanayi kuchokera pakati kufika pakhungu la nyenyezi, fumbi lisanapangike, pali silicon monoxide pa 43 GHz ndi 86 GHz. Kunja kwake kuli nthunzi ya madzi pa 22.235 GHz. Kutali zedi kuli hydroxyl pa 1612, 1665 ndi 1667 MHz. Mukalondola yonse itatu, mukuona mpweya ukunyamuka, ukuthamanga, ndiponso uli paulendo.

Dishi imodzi ya telesikopu ya wailesi sijambula chithunzi; imapereka mzere woonetsa mphamvu ya mafunde, m'muyeso wotchedwa jansky, pa liwiro lililonse. Pa 22 GHz, kilomita imodzi pa sekondi imasuntha frequency ndi 74 kHz, choncho kuti musiyanitse timitambo tosiyana ndi 0.1 km/s pamafunika tizigawo ta 7 kHz. Ntchito ya tsiku lililonse ndi iyi: kuloza kaye chinthu chodziwika mphamvu yake, kutsimikiza kuti dishi ikuloza ndendende, kusinthanasinthana pakati pa nyenyezi ndi thambo lopanda kanthu kuti phokoso lichotsedwe, kenako kuchotsera kuyenda kwa Dziko. Chomalizachi si chaching'ono. Dziko limazungulira Dzuwa pa makilomita 30 pa sekondi, kuposa mphepo imene mukuyezayo.

Zosokoneza n'zambiri. Pa 22 GHz nthunzi ya mumlengalenga mwathu momwemu imameza mafundewo n'kuonjezera phokoso, ndiye tsiku la chinyezi maser imaoneka ngati yafooka. Dishi ya mamita 32 imaona kadera ka ma arcminute pafupifupi 2, gawo limodzi mwa magawo 15 a kukula kwa Mwezi, choncho mphepo kapena kutentha kwa dzuwa kukaipotoza pang'ono, mphamvu imagwa. Pa 1612 MHz masetilaiti a GLONASS ndi Iridium amaulutsa moyandikana kwambiri. Ndipo pa ntchito ya zaka 30, zida zolandirira mafunde zimasinthidwa kangapo. Kusintha kulikonse kukhoza kusiya sitepe yabodza pa mzere ngati zida zakale ndi zatsopano sizinayezedwe pamodzi.

Ngakhale zili choncho, alipo amene alimbikira. Ku Pushchino, m'dziko la Russia, dishi ya mamita 22 yakhala ikuyeza ma maser a madzi kuyambira cha m'ma 1980. Ku Medicina, pafupi ndi Bologna ku Italy, dishi ya mamita 32 pamodzi ndi ya mamita 100 ya ku Effelsberg ku Germany zinalondola nyenyezi ngati U Herculis ndi RR Aquilae zaka zoposa 20. Zapezeka kuti pa nyenyezi za mtundu wa Mira, maser ya madzi imakwera ndi kutsika motsatira kuwala kooneka ndi maso koma mochedwa, milungu ingapo mpaka miyezi itatu, ndipo kamtambo kalikonse kamawala miyezi kapena zaka zochepa n'kuzimirira, kena n'kubuka pa liwiro lina. Madishi 10 a VLBA ku America, akamagwira ntchito pamodzi, amajambula chithunzi chenicheni: anajambula ma maser a nyenyezi ya TX Camelopardalis milungu iwiri iliyonse kuyambira mu 1997, ndipo zinaoneka kuti mpweya wina ukutuluka pamene wina ukugweranso pa nyenyezi.

Apa mpamene wa mabayinokyula amalowera. Kuti munene kuti maser yachedwa, muyenera kudziwa tsiku limene nyenyezi inafika pachimake. Tinene R Leonis, ya masiku pafupifupi 310: maser ikafika pamwamba patapita masiku 45, kuchedwako ndi 45 kugawa ndi 310, pafupifupi 0.15 ya ulendo. Koma nyenyezi zimenezi sizisunga nthawi ngati wotchi. Chimake chimatha kufulumira kapena kuchedwa ndi mlungu umodzi kapena iwiri. Mukangodalira kuwerengetsa, mwasochera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a chimene mukufunacho. N'chifukwa chake akatswiri a wailesi amatenga masikuwo m'nkhokwe za AAVSO ndi mabungwe anzake.

Chinthu chimodzi chokoma tisakusiyireni. Pali nyenyezi zokutidwa ndi fumbi lochindikala moti sizioneka ndi maso, zotchedwa OH/IR, zina za ulendo woposa masiku 1,500. Pa 1612 MHz zimaonetsa nsonga ziwiri: ina yochokera ku mpweya wa mbali yoyang'ana kwa ife, ina ya kuseri. Nyenyezi ikawala, mbali zonse zimayankha nthawi imodzi, koma uthenga wa kuseri umatipeza mochedwa popeza uyenera kudutsa chigoba chonsecho. Ukachedwa masiku 40, chigobacho n'chotambalala mtunda umene kuwala kumayenda masiku 40, kutanthauza maulendo pafupifupi 6,900 mtunda wa pakati pa Dziko ndi Dzuwa. Mukayezanso kukula kwake kooneka kuthambo, mtunda wa nyenyeziyo watuluka. Njirayi inagwiritsidwa ntchito ku Dwingeloo ku Netherlands ndi ku Nançay ku France, koma imafuna kuyeza kosalekeza ulendo wathunthu kapena iwiri, zaka zisanu mpaka khumi.

Funso: Dishi yanga ya TV ya masentimita 90 singagwire ma maser amenewa? — Wowerenga, Lusaka

Yankho: Monga ilili, ayi. LNB yake, kachipangizo kolandira mafunde kutsogolo kwa dishi, imalandira 10.7 mpaka 12.75 GHz, ndipo ma maser tatchulawa sali mmenemo. Mutapeza ya 22 GHz, kukula kukuvutanibe: dishi ya mamita 32 imasonkhanitsa mafunde kuposa ya mita imodzi maulendo 1,024. Maser ya ma jansky 100, yomwe ndi yamphamvu ndithu kwa nyenyezi ya mtundu wa Mira, imaonjezera madigiri osakwana 0.02 pa dishi ya mita imodzi, mkati mwa phokoso la madigiri oposa 100 (pa wailesi mphamvu yolandiridwa imayezedwanso m'madigiri). Yambani ndi Dzuwa. Limenelo dishi yanu iligwira bwinobwino.

Funso: Ngati tikudziwa kale kuti Mira imabwereza pa masiku 332, n'kupitirizirabe kuyeza chifukwa chiyani? Makina odziyendetsa okha sangathe ntchitoyi? — Mayi wopuma pantchito, Lilongwe

Yankho: Mayi, n'chifukwa chakuti manambalawo amasuntha, koma pang'onopang'ono moti moyo wa munthu mmodzi sukwanira kuona. R Hydrae inkabwereza pa masiku pafupifupi 495 m'zaka za m'ma 1700. Pofika cha mu 1950 inali pa 385, ndipo kuchokera apo yakhazikika. Kumeneko ndi kutsika kosakwana tsiku limodzi pa chaka, kobisika m'kati mwa kufulumira ndi kuchedwa kwa masiku angapo pa ulendo uliwonse. T Ursae Minoris inakhala pa masiku pafupifupi 315 zaka zambiri, kenako cha mu 1979 inayamba kutsika mofulumira, n'kufika cha pa 230 zaka 30 zisanathe. Chifukwa chimene akatswiri ambiri amapereka n'chakuti mzere wa helium mkati mwa nyenyezi umabuka mwadzidzidzi kamodzi pa zaka 10,000 mpaka 100,000, n'kusintha kukula kwa nyenyeziyo. Pa R Hydrae pakadali mkangano. Ndipo L2 Puppis, imene inkaoneka bwino ndi maso, inayamba kuzirala m'ma 1990 chifukwa cha fumbi, n'kukhala choncho zaka zambiri.

Makina amathandiza, koma anabwera dzulodzulo, ambiri amadzazidwa ndi nyenyezi zowala, ndipo pulojekiti ikatha ndalama amazimitsidwa. Muyeso wa diso wa lero umalumikizana mwachindunji ndi wa zaka 100 zapitazo. Kuthambo la kummwera oyeza akhala ochepa kuyambira kale, ndipo mbiri yake yaikulu inalembedwa ndi anthu owerengeka: Alexander Roberts, mphunzitsi wa ku Lovedale ku South Africa, kuyambira m'ma 1890, Reginald de Kock ku Cape Town, woposa miyeso 160,000, Danie Overbeek, woposa 250,000, ndi Albert Jones wa ku New Zealand, woposa 500,000. Ku South Africa komweko, mu 1981 Ian Glass ndi Tom Lloyd Evans anaonetsa kuti pa infrared, nyenyezi ya mtundu wa Mira ya ulendo wautali imakhala yowala kwambiri, mfundo imene lero imathandiza kuyeza mitunda ya milalang'amba ina. Kwa ife, nyenyezi zitatu zoyezedwa ndi munthu mmodzi, ndi mabayinokyula omwewo, zaka 20, zimaposa nyenyezi 50 zoyezedwa nyengo imodzi.

Funso: Ndinafunafuna Mira mu May koma sindinaipeze. Inali itazirala? — Wowerenga, Mangochi

Yankho: Kaya inali yowala kaya ayi, simukanaiona. Kumapeto kwa April Dzuwa limakhala mbali yomweyo ya thambo, ndipo Mira imabisika kuyambira cha kumapeto kwa March mpaka June. Popeza masiku 332 achepa ndi 33 pa chaka, chimake chake chimabwera mwezi umodzi msanga chaka chilichonse, ndipo zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana chimagwera mumpata umenewo. Yambani kuifuna kummawa m'bandakucha kumapeto kwa June kapena mu July. Miyeso yoyamba itangotuluka kudzuwa ndi yosowa, ndipo ndi imene imathandiza kutseka mpatawo. Kumapeto kwa October imaoneka usiku wonse, n'kudutsa madigiri pafupifupi 10 kumpoto kwa pamwamba pa mutu wanu, choncho pezeranitu mkeka kapena mpando wotsamira chagada.